Zikomo nonse amene mwathandiza ana athu kulemba ndi pakamwa

Teremu yatha, ndipo ana atatu a m'chipinda chathu cha maphunziro apadera apereka zimangirizo za Chingerezi zolemba okha, popanda wina kuwagwirira cholembera. Awiri ali ndi ulumali wa manja, wachitatuyo zilembo zimamusokonekera ngakhale nkhani yonse ili m'mutu. Iwo amalankhula, kompyuta n'kumalemba. Ife aphunzitsi tilibe nawo mawu. Tikuthokozani gulu ndi gulu, ndipo titchula chimene munachita kuti sukulu zina zitengerepo.

Makolo, zikomo chifukwa chosonkha ndalama za mahedifoni atatu a USB okhala ndi maikolofoni yakeyake. Maikolofoni ya mu laputopu imatola chilichonse: benchi ikakhuluzidwa, belu, ngakhale ana a kalasi yoyandikana akamaloweza mataimusi. Ya pa hedifoni imamva mwini wake. Iikidwe chakumbali kwa pakamwa, mpata wa zala ziwiri, osati kutsogolo kwenikweni, chifukwa mpweya wa p ndi t ukaiwomba mawu amasokonekera.

A komiti ya sukulu ndi akalipentala athu, Mulungu abwezere pomwe mwapatula. Mvula ikamagwa padenga lamalata pulogalamu yolemba zimene mwana akulankhula imagontha, imangolemba zimene mwana sananene. Munakhoma siling'i pakona imodzi kutali ndi zenera, n'kupachika mphasa ndi mabulangete akale kukhoma kuti mawu asamabwerere. Kakona kameneko ndi kamene katipulumutsa mu Januwale ndi Febuluwale.

Kwa achimwene amene amatikonzera makompyuta, inu munapeza pamene panagona vuto lalikulu. Mu Google Docs, pa Chrome, munthu amapita pa Tools kenako Voice typing, kapena kudina Ctrl, Shift ndi S pamodzi. Pamwamba pa chizindikiro cha maikolofoni pali posankha chilankhulo, ndipo pakakhala Chingerezi cha ku America ana athu samveka bwino. Mutasintha n'kuika cha ku Kenya, kwa mwana wina cha ku South Africa, zolakwika zinachepa moonekeratu. Munatichenjezanso kuti njirayi imadya intaneti, bando ikatha maikolofoni imangoti zii. Njira ina yolembera ndi pakamwa, yodina batani la Windows ndi H, nayonso imafuna intaneti. Pulogalamu ya Voice Access ya pa Windows 11 ndiyo imagwira popanda intaneti, bola chilankhulocho chitsitsidwe kamodzi poyamba. Chotipweteka n'choti pamndandanda wa Google Docs pali Chiswahili ndi Chizulu koma Chichewa palibe, moti pa phunziro la Chichewa anawa akudalirabe wowalembera.

Amayi ophunzitsa Chingerezi, ntchito yanu ndiye inali yowawa. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa mawu, choncho mwana akafuna kunena "pray" kompyuta imalemba "play", "grass" n'kukhala "glass". Pena mwana amawonjezera i kapena u kumapeto kwa liwu monga timachitira tonse, pulogalamu n'kuganiza kuti ndi mawu awiri. Mphindi 10 tsiku lililonse munkakhala nawo kuyeserera timawu timeneti. Koposa apo munawaletsa kutchula liwu limodzilimodzi ngati akuwerenga pabolodi. Pulogalamuyi imalingalira liwu poona anzake oyandikana nawo, ndiye chiganizo chathunthu cholankhulidwa mwachifatse chimalembeka bwino kuposa mawu odukaduka. Mwana ayambe wakonza mfundo zake zinayi kapena zisanu, azinene kwa mnzake, kenako ayatse maikolofoni. Zizindikiro azitchula yekha, "comma", "question mark", "new paragraph". Asaime kukonza pakati. Amalize ndime, azimitse maikolofoni, awerenge. Amene kuwerenga kumamuvuta, kompyuta imuwerengere mokweza, khutu limagwira cholakwika chimene diso laphonya. Ndipo mphunzitsi asamukonzere, amuloze mzere wokha. Ukamukonzera, chimangirizocho chasanduka chako.

Aphunzitsi aakulu, zikomo potipatsa mphindi 20 kwa mwana aliyense pa ndandanda, nthawi ya m'mawa batire isanathe. Mawu amatopa monga dzanja limatopera, mwana akapitirira apo amayamba kumeza mawu. Anzathu amene munaphunzira ku koleji ya maphunziro apadera ya Montfort ku Nguludi, upangiri wanu wa kakhalidwe ka mwana pampando, msana woongoka kuti mpweya uzituluka bwino, watithandiza kwambiri.

Ana a sitandade 7, inunso zikomo. Kulankhula wekha ndi makina anzako akumva n'kochititsa manyazi, koma munasiya kuseka ndipo mumatseka chitseko mwakachetechete.

Patsala mwana mmodzi amene ulumali wake wakhudzanso lilime, ndipo pulogalamuyi siyikumumva. Teremu ikubwerayi tiyamba naye ndi ziganizo zazifupi zomwezomwezo, tsiku ndi tsiku, uku akugwiritsabe ntchito bolodi lake la zithunzi. Makolo ake, musataye mtima. Nonse, ndi mawa lomwe.