Lachiwiri: bolodi yafiira

Ndafika kunyumba mutu uli waa, koma ndati ndilembe ndisanagone, chifukwa ndikadzuka mawa ndiyamba kudzikhululukira.

Msonkhano wathu wa m'mawa umayamba 8 koloko. Pakhoma pali bolodi yoyera, ndipo ntchito iliyonse ili ndi kadontho kake: kobiriwira ngati zikuyenda, kachikasu ngati pali pokayikitsa, kofiira ngati zavuta. Kwa miyezi itatu bolodiyo yakhala yobiriwira yokhayokha, ine n'kumanyadira kuti ndikuyendetsa bwino zinthu. Lero onse atamaliza kunena kuti "zili bwino, bwana", mnyamata wosunga katundu, yemwe wangotha miyezi isanu pantchito, anadzuka. Anafufuta ndi chala kadontho ka oda yathu yaikulu n'kuikapo kofiira, dzanja likunjenjemera.

"Pepani bwana, katunduyu safika Lachisanu. Otigulitsa anadziwitsa kale, papita masabata atatu."

Kuchedwako sikunandipweteke kwenikweni. Chinandipweteka ndi nkhope za anzanga. Palibe anadabwa. A zachuma anangoti zyoli, a zamalonda akutembenuza foni patebulo. Onse ankadziwa, kupatula ine.

Pakamwa panali patabwera kale funso lakuti, "Nanga osanena bwanji?" Ndinalimeza, poti yankho ndinali nalo. Mu Epulo, mayi wa ku dipatimenti yogula zinthu anabwera ndi nkhani yonga yomweyi, ine ndinawakalipira pamaso pa anthu. Kuyambira tsiku lija, aliyense anaphunzira mtundu wa kadontho kamene bwana amakonda.

Chomvetsa manyazi n'chakuti njira ya madontho ndinaitengera kwa Alan Mulally, ndipo nkhani yake ndimaikamba kawirikawiri. Iye anapita kukakhala mkulu wa kampani yopanga magalimoto ya Ford mu 2006 kuchokera ku Boeing, yopanga ndege. Chaka chimenecho kampaniyo inaluza ndalama zoposa madola 12 biliyoni, koma pamsonkhano wa Lachinayi lililonse mabwana ankaonetsa zobiriwira zokhazokha. Tsiku lina mmodzi wa mabwanawo, Mark Fields, anaika chofiira pa galimoto yatsopano ya Edge, yomwe inali ndi vuto pachitseko chakumbuyo. Anzake anaganiza kuti ntchito yamuthera. Mulally anaomba m'manja, n'kufunsa amene angathandize. Fields ndi yemwe anadzalowa m'malo mwake mu 2014. Ine ndinakopera bolodi, m'manja ndinaiwala kuomba.

Sindinaombe lero, zikanaoneka zachinyengo. Ndinangoti, "Zikomo achimwene, mwachita bwino. Ndani ali ndi nambala ya otigulitsawo?"

Masana ndinatsikira kosungira katundu, komwe ndinapondako komaliza kumayambiriro kwa chaka. Ku Toyota amalimbikira zoti mtsogoleri apite yekha pamalo pamene pali vuto akaone ndi maso, ndipo Taiichi Ohno, yemwe anali mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, ankaphunzitsa kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu mpaka upeze gwero. M'mafakitale awo wantchito wamba amaloledwa kukoka chingwe akaona cholakwika, mtsogoleri wa gulu n'kuthamangirako, ndipo vutolo likapanda kutha msanga makina amaima. Ndinayesa zofunsa zija titakhala pamabokosi awiri. Katundu wachedwa chifukwa chiyani? Otigulitsa anasowa zipangizo. Sitinafune kwina bwanji? Uthenga wawo unafika mochedwa kwa oyenera kuchitapo kanthu. Unachedwa pati? Apa mnyamatayo anatsegula kompyuta n'kundionetsa: mauthenga onse a otigulitsa akupitabe ku imelo ya bambo amene anasiya ntchito chaka chatha. Iye anaipeza mwangozi pofufuza risiti yakale. Anauza womuyang'anira, womuyang'anirayo anauza a zamalonda, ndipo kuchoka pamenepo nkhaniyo inangoyenda m'makonde, aliyense akudikira kuti wina ndiye akagogode pachitseko changa.

Funso lotsatira sindinafunse. Linkaloza kwa ine.

Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma m'maofesi otsina khutu timawaika m'gulu la anthu ovuta. Pena ndimaganiza kuti mapulani azaka zisanu amene timakalembera kumahotela, okhala ndi masomphenya ndi mizati yake, amafera pa zinthu zazing'ono ngati izi. Kasitomala sawerenga masomphenya athu, amangoyang'ana ngati lole yafika.

Cha m'ma 3 koloko ndinaimbira kasitomala wa oda ija ndekha. Anakwiya, ndipo m'pomveka. Komabe atamva kuti theka la katundu tingalipeze kwina pofika Lolemba, anati titumize limenelo kaye. Tikanamuuza masabata atatu apitawo, mwina sakanakweza n'komwe mawu. Imelo ija tayitseka, mauthenga tsopano azipita kwa anthu awiri.

Chatsala ndi mayi aja a mu Epulo. Ndadutsa kawiri pakhomo pa ofesi yawo osalowa. Ndinawakalipira pagulu, ndiye kupepesa kwa kuseri sikukwana. Ndalemba pakapepala kuti ikhale nkhani yoyamba mawa 8 koloko, tisanayang'ane bolodi.