Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: chaka chomwe ananditcha kazitape

Zikomo nonse amene munandipepesa pa gawo lija la maliro a bambo. Makomenti onse ndawerenga, ngakhale anu aja munati ndikungofuna anthu andimvere chisoni. Lero ndilowa mu 2021, chaka chomwe mwakhala mukundiumiriza kuti ndifotokoze.

Zaka ziwiri zoyamba ku yunivesite zinadutsa ndi ngongole ya fizi komanso nsima ya soya. Covid-19 inasokoneza kalendala ya sukulu, moti Juni 2021 inandipeza ndili kwathu ku Mchinji, pafupi ndi malire a Zambia, ndikuswa mtedza ndi amayi.

Mphunzitsi wathu wa ndale za mayiko anali atatitumizira chidziwitso cha internship (ntchito yophunzirira) pa WhatsApp. Kunjaku kuli mabungwe amene ntchito yawo ndi kufufuza za nkhondo, zida ndi chitetezo cha mayiko, monga SIPRI ya ku Stockholm, Chatham House ya ku London ndi ISS ya ku Pretoria. Limene linanditenga ine si limodzi mwa amenewa, ndipo sindilitchula. Linali la ku Ulaya, limatenga ophunzira kuyambira Juni mpaka Ogasiti, nyengo yawo yotentha masukulu atatsekera, ife kuno tikunjenjemera ndi chisanu. Chifukwa cha mliri, zonse zinali za pa intaneti. Malipiro panalibe. Mfundo imeneyi muisunge.

Anandiika pa nkhani ya Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene zigawenga zinayamba kuukira mu Okutobala 2017. Mu Marichi chaka chomwecho cha 2021 zinali zitalowa m'tauni ya Palma. Ntchito yanga inali kuwerenga manyuzi ndi malipoti, n'kulemba mu Excel tsiku, malo, amene waukira, ndi chiwerengero cha ophedwa. Nkhani yochokera ku gwero limodzi lokha sinkalowa, umayenera kupeza lachiwiri. Zinthu zinkathamanga: SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa, inavomereza kutumiza asilikali mu Juni, a ku Rwanda anafika mu Julayi, pofika Ogasiti doko la Mocímboa da Praia linali litalandidwa kwa zigawenga. Mwezi womwewo atsogoleri a SADC anakumana ku Lilongwe, a Chakwera n'kutenga upampando. Ndinkamva ngati ndili m'kati mwa zinthu zenizeni, ngakhale ndinali pa benchi ya m'babashopu pa boma, pomwe ndinkatchaja laputopu yobwereka. Kumudzi foni inkangolumphira pa netiweki ya ku Zambia n'kudya mayunitsi onse, ndiye pa Zoom iliyonse ndinkapalasa njinga m'mawa.

Ndalama za bandulo zinachokera ku mtedza wa amayi. Anaugulitsa kwa mavenda mtengo usanakwere, matumba omwe ankasunga kuti adzagulire feteleza wa dzinja. Amalume aja mukuwadziwa kale anabwera madzulo ake, osakhala ndi pansi pomwe. "Mlongo, mwapenga? Ntchito yanji yopanda malipiro? Ngakhale waganyu amachoka ndi kambale ka ufa." Amayi anangoyankha kuti, "Achimwene, mtedzawo ndinalima ndine." Anzanga a pa Zoom ena ankalankhula ali m'nyumba za makolo awo m'mbali mwa nyanja. Internship yaulere amaikwanitsa ndi mwana amene kwawo kuli kale chakudya, ndipo bungwelo silinafunsepo kuti ine ndikulipira bwanji.

Koma si zimenezo zomwe zimandisowetsa tulo.

Kumapeto aliyense ankalemba kapepala kake. Anzangawo ankakonda kunena kuti malire a ku Africa kuno ndi obowokabowoka, ngati kuti aliyense wodutsa kutchire wanyamula mfuti. Ine ndinalemba zomwe ndikudziwa: kuti Achewa ali mbali zonse, Gawa Undi ali ku Mkaika ku Katete ndipo timapita ku Kulamba, kuti anthu amakwatirana ndi a ku Chipata, kuti njira zachidule zimadutsa chimanga, shuga ndi zitenje pa njinga. Sindinatchule mudzi, dzina la munthu, kapena njira ndi imodzi yomwe.

Patangopita masiku, anyamata angapo a kwathu anagwidwa usiku ndi katundu, njinga zawo n'kulandidwa. Mmodzi anali achimwene anga. Kutacha, pa mjigo panali patamveka kale kuti mwana wa amayi uja amalankhula ndi azungu pa kompyuta za "chitetezo", ndiye wawagulitsa. Ndinapita kukatunga madzi, amayi onse anasiya kulankhula. Wina anakoka ndowa yake kuti isagundane ndi yanga. Kamwana komwe ndinkakaphunzitsa masamu kanandiloza n'kunena kuti "kazitape uyo", akulu n'kuseka.

Achimwene atatuluka anafika pakhomo madzulo. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja, anandilandira beseni osandiyang'ana, n'kuthira madziwo pansi. Ndinagwada n'kunena kuti, "Achimwene, pepala lake ili, werengani nokha." Iwo anati, "Chizungu chakocho ukawerengere amene anakutuma. Njinga ija inkadyetsa ana anga." Anadyera kwa amalume usiku umenewo. Amayi anakhala pa mkeka, nsima itazizira, osalira, osalankhula, mpaka nyali inazima. Amenewa ndi achimwene omwe ankandikweza pa njinga yomweyo popita ku sekondale.

Kwa inu amene munalemba kuti ndikanangosiya internshipyo kuti mtendere ubwere: ndikanasiya, mtedza wa amayi ukanapita pachabe, ndipo mudzi ukanati wavomera mlandu. Ndinamaliza. Ndipo inu alamu, ndikudziwa mumawerenga pano pogwiritsa ntchito dzina lina. Amene anayambitsa mphekesera pa mjigo paja ndimamudziwa, ndi inunso mukumudziwa.

Satifiketi inabwera pa imelo mu Seputembala, tsamba limodzi. Ndinaisindikiza pa boma, amayi n'kuiika m'sutikesi momwe muli makadi a sikelo athu. Achimwene anakhala osandilankhula mpaka tsiku la chinkhoswe cha mng'ono wathu, ndipo zomwe zinachitika kumeneko ndi za gawo 10.