Mboni yonditsutsa inali ine ndemwe

Dzinja likafika kuno ku Mangochi, usipa umaolera pathandala eni ake tikuona. Ndiye ine ndinatola gudumu la njinga yakufa ya kabaza, tcheni, mapedulo ndi zidutswa za malata, n'kupanga chikupizo chachikulu. Ukamapalasa, mphepo imawomba usipa, ntchentche n'kubalalika. Yolira ndi miyendo yokha.

Mtima sunandilole kubisa. Ndinachikweza pangolo mpaka kudoko la ku Makawa, n'kupalasa pamaso pa khamu ngati ndikuthamangira ku Monkey Bay. Anyamata anajambula vidiyo, ine mwini n'kuiponya pa Facebook, pansi pake n'kulemba kuti "Injiniya wa kunyanja". Ndinagulitsako ziwiri.

Patatha zaka ziwiri mphwanga wophunzira zamalamulo anabwera kutchuthi. Ndinamuphera chambo, si masewera.

"Mphwanga, ndikufuna patenti, chikalata choletsa ena kukopera chimene ndapangachi. Ndamva kuti ya ku ARIPO, bungwe la mu Africa lopereka mapatenti ku Harare kuja, imateteza munthu zaka 20."

"Malume, munaonetsako anthu?"

"Boma lonse!" ndinatero, chifuwa patsogolo.

Mwanayo anasiya mbamu m'mbale. Akuti patenti amapereka pa chinthu chimene anthu sanachidziwepo tsiku lopereka fomu lisanafike. Chilichonse cholembedwa, choonetsedwa kapena chogulitsidwa kale amachitcha prior art, ndipo chimapha pempho, ngakhale wochionetsayo akhale mwini wake.

"Nanga angandineneze ndani?"

"Inuyo, malume. Si uyu mwavala malaya ofiira, thukuta kamukamu, deti ili pansipa?"

Ndinati tifufute msanga. Anangondionetsa foni: vidiyoyo inali itazungulira magulu a WhatsApp mpaka kwa anyamata athu a ku Johannesburg, wina ataikamo ndi nyimbo.

"Koma woyamba kuganiza ndine!"

"Sayang'ana woyamba kuganiza, malume, amayang'ana woyamba kupereka fomu. Ndi America yomwe inasinthira komweko mu 2013."

Apo ndinaona kadzuwa, poti anawonjeza kuti ku America amamukhululukira munthu chaka chimodzi ngati anaulula yekha. Ndinayamba kuwerenga zala. Iye anandigwira dzanja mwaulemu.

"Inu mwadya ziwiri."

Chambo anamaliza, ndi mutu womwe. Ndili chikhalire pamkeka, mayi a kunyumba anasuzumira kuchokera kuthandala.

"A injiniya, kumwambaku kwada. Kwerani mupalase."