Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Pensulo ndi labala

Gawo lapita lija ndinalekezera m'chipinda chosungira matepi, momwe ndinakhala zaka zitatu ndikulemba manambala pa matepi a Betacam. Lero ndinene za mmene ndinalowera mu ofesi yokonza ndandanda wa mapulogalamu pa wailesi ya kanema, ntchito imene ndakuliramo.

Abwana anga anali mayi osalankhulalankhula. Tsiku loyamba anayala chipepala chachikulu patebulo. Pamwamba panali masiku 7, m'mbali muli maola oduladula pa mphindi 30 zilizonse. Anandipatsa pensulo ndi labala.

"Bolopeni muzisiya panja, achimwene," anatero. "Pepala ili limasintha mpaka tsiku loulutsa."

Pa tebulo limenelo ndi pomwe ndinadziwira kuti ola la pa kanema si mphindi 60. Sewero la ku America lotchedwa la ola limodzi limabwera ndi mphindi 42 kapena kupitirira pang'ono, la theka la ola limabwera ndi mphindi ngati 22. Zotsalazo ndi za otsatsa malonda, ndipo zikapanda kugulidwa uyenera kudziwa chodzazapo, apo ayi nkhani ziyamba nthawi isanakwane. Ndinadziwanso chifukwa chake mapulogalamu ambiri amagulitsidwa m'magawo 13 kapena 26: chaka chili ndi masabata 52, ukachigawa panayi umapeza 13. Kontrakiti nayo imanena kuti uulutsa kangati, kuyambira liti mpaka liti. Ukabwereza kachitatu pomwe munapangana kawiri, eni ake sakunyengerera.

Koma luso lenileni lili pa kasanjidwe. Munthu akakhazikika pampando safulumira kugwira rimoti. Choncho pulogalamu yatsopano umaiika pambuyo pa imene anthu amaikonda kale, kapena pakati pa ziwiri zamphamvu kuti ziinyamule. Abwana ankakonda kutchula Fred Silverman, amene m'zaka za m'ma 1970 anayendetsa mapulogalamu pa wailesi za kanema zikuluzikulu za ku America: ku CBS, kenaka ku ABC, mpaka ku NBC. Chimene ankafuna ndimve n'chakuti ngakhale katswiri ameneyu zinamuvuta ku NBC, mpaka anachoka mu 1981. Palibe amene amadziwiratu chimene oonera adzakonde.

Abwana anga aja atapuma pa ntchito, pensulo ija inatsalira ine. Chaka chake ndi 2010, pamene World Cup inachitikira ku South Africa kuyambira pa 11 June mpaka pa 11 July. Masewero onse anali 64, ndipo ausiku ankayamba 8:30 nthawi ya ku Johannesburg. Ndandanda yense wamadzulo anayenera kuphwasulidwa.

Lachiwiri lililonse 8 koloko tinkaulutsa pulogalamu ya zaumoyo. Ankaikonza bambo ena achikulire, omwe ndi amene anandiphunzitsa kugwira tepi nditangofika. Ndinaifufuta n'kuilemba pa 11 koloko usiku. Labala sanatenge ngakhale mphindi imodzi. Kulakwa kwanga n'kwakuti sindinapite kukawauza. Anakaziona okha pa bolodi, ngati mlendo.

Mpira utatha, a zamalonda anabwera. Anati anthu azolowera kudzaza pa kanema nthawi ya 8 koloko ija, tisawataye, tiikepo sewero la ku Mexico la magawo ambirimbiri, lija loti ukaphonya tsiku limodzi mtima sukhala m'malo. Pa nkhani ya ndalama ankanena zoona. Wailesi imalipira antchito ndi zimene yapeza maola atatu kapena anayi amadzulowo, ndipo ine ndinkadziwa bwino. Ndinavomera.

M'mawa mwake bambo aja anagogoda. Anakana mpando. M'manja anali ndi envulopu yodzaza makalata a oonera, ena olembedwa pa mapepala othothola m'kope. Anawayala pamwamba pa chipepala changa chija, mmodzimmodzi.

"Mwanawe, sindinabwerere ine ayi," anatero motsitsa mawu. "Awa amagona 9 koloko. Ambiri ndi amayi a ana ang'ono ndi okalamba. Pa 11 koloko ndizilankhula ndi ndani?"

"Bambo, pepani, ndikadayenera kubwera kwa inu poyamba."

"Zoona. Koma kupepesa sikubweza ola."

Usiku umenewo ndinawerenga makalata onse. Ina inali ya mayi amene anapita kukayezetsa shuga atamva zizindikiro zake pa pulogalamuyo, ndipo anamupezadi nayo. Manambala a oonera amene tinkalandira ankatiuza kuchuluka kwa anthu, koma za mayi ameneyu munalibe.

Ola la 8 koloko sindinathe kulibweza, chifukwa kontrakiti ya sewero lija inali itasainidwa kale. Ndinavutika ndi pensulo masiku angapo mpaka ndinapeza malo Lamlungu 6 koloko madzulo, nkhani zisanayambe. Ndinanyamula chipepala chonsecho kupita nacho ku ofesi yawo ndisanachikhome pa bolodi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa Lamlungu.

"Tiyese," anatero.

M'gawo lotsatira ndidzanena za ulendo wanga woyamba wa ku Cannes m'dziko la France, ku msika wa MIPCOM umene umachitika mwezi wa October, kumene ndinakagula mapulogalamu ndi kathumba kochepa pakati pa wailesi zikuluzikulu za dziko lapansi.