Lachitatu: Activity Yomwe Inkakana Kuchoka

Tsiku lonse lalero lathera pa vuto limodzi. M'mawa ndinatenga foni yoyesera, n'kudina batani lotumiza zithunzi ku seva mu pulogalamu yathu ya Android. Zithunzi zili mkati mopita, ndinatembenuza foni chopingasa, n'kuibwezanso, kangapo konse. Posakhalitsa LeakCanary, chida chochenjeza zinthu zikakanirira mu memory, inalira: ma Activity akale (Activity ndi gawo la pulogalamu loyendetsa sikirini) anali akadali mu memory.

Foni ikatembenuzidwa, Android imawononga Activity n'kupanga ina. Yakaleyo imayenera kuseseredwa ndi garbage collector, yomwe imachotsa mu memory zinthu zosafunikanso, koma singachoke ngati china chake chikuigwirabe. Kwa ife chinali AsyncTask, code yomwe inkatumiza zithunzizo kumbuyo, yolembedwa kalekale ngati inner class (class yokhala mkati mwa inzake) mkati mwa Activity. Mu Java, inner class yomwe si static imagwira Activity yonse mwakachetechete, ma view (zinthu zooneka pa sikirini) ndi zithunzi zomwe, ngakhale kuti mu code simuoneka mzere uliwonse wonena zimenezo. Intaneti ikamachedwa, Activity yakufayo imangokhala pamenepo. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti kutumiza kukatha, onPostExecute, gawo lomaliza la AsyncTask, inkafuna kuonetsa dialog (kabokosi ka uthenga) pa sikirini yomwe inapita kale, pulogalamu n'kugwa ndi vuto lotchedwa BadTokenException. Ndinaganizira munthu amene wadikira mphindi zingapo kuti zithunzi zake zipite, kenako zonse n'kuzima m'manja mwake.

Mnzanga wina anati tingoika WeakReference basi (njira yogwirira Activity popanda kuiletsa kuseseredwa), tipitirize zina. Zikanathandiza ndithu, koma mtima sunandilole. Paliponse tikanafunika kumafufuza ngati Activity yasanduka null, kutanthauza kuti kulibenso, ndipo tsiku lina wina adzaiwala. Komanso AsyncTask inalengezedwa kuti isiyidwe kuyambira Android 11, mu 2020.

Masana ndinasamutsira kutumizako ku WorkManager, chida cha Android choyendetsa ntchito zakumbuyo. Worker, yomwe imagwira ntchitoyo mu WorkManager, imapatsidwa applicationContext, Context (khomo lofikira zinthu za Android) ya pulogalamu yonse, yomwe imakhalapo nthawi yonse imene pulogalamu ili moyo, ndipo imakwanira powerenga mafayilo ndi kutumiza notification. Dialog yokha ndiye ayi, imafuna Activity yamoyo. Choncho ndinatembenuza zinthu: ntchito yakumbuyoyo sidziwanso kuti kuli sikirini. Activity ndi yomwe imamvetsera WorkInfo (uthenga wa momwe ntchitoyo ikuyendera) kudzera mu LiveData, yomwe imaidziwitsa zinthu zikasintha, ndipo Activity ikawonongedwa, kumvetserako kumathera pomwepo.

Madzulo ndinachedwetsa intaneti dala, n'kuyambanso kutembenuza foni mpaka mkono kutopa. Zithunzi zinafika zonse, LeakCanary ili zii. Ndisanatseke kompyuta ndapeza singleton ina (chinthu chomwe chimakhalapo chimodzi chokha mu pulogalamu yonse) yomwe ikusunga Context yochokera ku Activity. Ndailemba papepala, mawa ndiyambira pamenepo.