Khwisa wa kuseri kwa dimba

Loweruka usiku, ku Glasgow. Ndikulemba izi zala zikundiyabwabe.

Tinalawirira ku dimba lero, ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndi kadimba kakang'ono, kobwereka, komwe ndimayesa kulima mpiru ndi maungu kuti ndipeze nkhwani. Ndili mkati mopalira ndinangomva kukuwa kuseri kwa mpanda. Ndinataya khasu. Ndinamupeza ataimirira pakati pa zitsamba zobiriwira zofika m'chiuno mwake, miyendo yonse itatuluka timatuza toyera. "Amayi, chandiluma!" Ine mtima unathamangira ku njoka, kuiwala kuti tili kutali ndi kwathu.

Anatithandiza ndi agogo ena a dimba loyandikana nalo. Anathothola tsamba lalikulu la chomera chomwe amati dock, nalifinya, n'kumupaka mwanayo. Anati zomera ziwirizi zimakonda kumera pafupi, choluma ndi chotonthoza. Choluma chija eni dziko amati nettle, ife tingati khwisa. Masamba ndi tsinde lake zili ndi timaubweya tobowoka ngati jakisoni. Ukakhudza, nsonga yake imathyoka n'kulowetsa m'khungu madzi owotcha. Ndinakumbukira chitedze cha kumudzi chomwe chinkatigwetsa misozi tikapita kotola nkhuni. Koma chitedze chimayabwitsa ndi ubweya wa pa zikhokhombe zake, pomwe khwisa thupi lonse ndi mkondo.

Ndinatenga chikwanje kuti ndisadze thengo lonselo, ukali uli m'khosi. Agogowo anandigwira dzanja. Anati pomwe pamera khwisa wambiri pamakhala pa nthaka yonona: pomwe panali khola, dzala, nyumba yakale, ngakhale manda. Anati kumapiri a ku Scotland kuno ukhoza kudziwa pomwe panali mudzi zaka zambiri zapitazo poona khwisa atawirira pamalo amodzi, nyumba zitagwa kalekale. Mawu amenewa andikhala mumtima tsiku lonse, chifukwa ndi mmene bonongwe amachitira kwathu. Ukafika pa bwinja, kapena pomwe panali khola la ng'ombe, umamupeza atanenepa, masamba ngati zikhatho. Agogo anga ankaloza n'kunena kuti apa panali pa ujeni.

Chomwe chandivutitsa n'chakuti ine khwisa ndinamudziwira m'Baibulo, ndipo m'menemo ali ndi mbiri yoipa. Pa Miyambo 24, wolemba akudutsa pamunda wa munthu waulesi, napeza minga ndi khwisa paliponse, mpanda wamiyala utagumuka. Kwa aneneri, khwisa amamera m'mizinda yomwe yalangidwa ndi kusiyidwa. Shakespeare naye, mlembi wa masewero wa ku England, pofuna kuonetsa m'sewero lake kuti mfumu Lear mutu wasokonekera, anaiveka chisoti cha maudzu a m'thengo, khwisa ali momwemo. Ndinakula ndikudziwa kuti chomera ichi ndi chizindikiro cha ulesi ndi chipasuko. Sindikutsutsa malemba. Koma lero ndaona kuti chomera chomwecho chimachitiranso umboni kuti pamalopo panali anthu, ankaphika, ankaweta, anaika akufa awo.

Madzulo mwana atasamba anati ndimuwerengere nthano yokhudza chomera chomwe chinamuluma. Tili ndi buku la nthano za Hans Christian Andersen, mlembi wa ku Denmark, ndipo muli ina ya mu 1838 ya mtsikana dzina lake Elisa. Alongo ake khumi ndi mmodzi anawasandutsa mbalame zazikulu zoyera za m'madzi ndi mayi wowapeza. Kuti abwerere umunthu, Elisa anayenera kuthyola khwisa ndi manja ake, kumuponda ndi mapazi osavala mpaka atuluke luzi, n'kuluka malaya khumi ndi limodzi a manja aatali. Ndipo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza sanayenere kutulutsa liwu ngakhale limodzi, apo ayi alongo akewo afa.

Ndinkawerenga mwachingerezi n'kumamasulira m'Chichewa, monga timachitira kuti chilankhulo chisamuthawe. Nditafika pomwe khwisa anamuthera, mtsikanayo n'kuyamba kupita kumanda usiku kukathyola wina, mawu anandithera. Aliyense wokulira kwathu akudziwa chomwe chimachitikira mkazi yemwe waonedwa kumanda usiku. M'nthanomo nazonso zinatero: mkulu wa mabishopu anamuona, anati ndi mfiti, ndipo anthu anagamula zomuwotcha. Iye sakanatha kudziteteza, pakuti kuyankhula kukanapha omwe ankawavutikira. Ali pangolo yopita kukaphedwa, zala zake zinali zikulukabe.

Ndinaganiza za azakhali anga. Anagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg zaka zambiri, manja atasweka ndi sopo, n'kumatumiza ndalama za sukulu za alongo awo atatu, mmodzi mwa iwo ndi bambo anga. Kumudzi anthu ankanena zambiri za komwe ndalamazo zinkachokera. Iwo sanayankhepo. Akabwera pa Khirisimasi ankakhala pakhonde n'kumasenda mtedza, osatchula ngakhale kamodzi zomwe ankakumana nazo. Ine ndinali wamng'ono, ndinkangoona kuti ndi munthu wosakonda kuyankhula. Lero ndi pomwe ndamva kulemera kwa chete uja. Ndipo kuno ndikudziwa amayi ambiri a kwathu omwe amagwira usiku m'nyumba zosamalira okalamba, kusambitsa ndi kunyamula makolo a eni, kuti wina ku Mzimba kapena ku Mulanje alembe mayeso a Fomu 4.

Andersen akanatha kusankha thonje kapena ubweya wa nkhosa. Anasankha chomera chomwe chimaluma wochigwira, ndipo sanachite kupeka kuti chimatulutsa ulusi: anthu a ku Ulaya ankalukadi nsalu za khwisa kalekale, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, thonje litasowa, a ku Germany anabwereranso kwa iye. Ndicho chifukwa nthanoyi imagwira mtima. Ululu wake ndi weniweni, malaya akenso ndi enieni.

Mathero ake ndi omwe anamukhudza mwana wanga. Mbalame zija zinafika pa nthawi yake, Elisa anaziponyera malaya, zonse n'kusanduka anthu. Koma malaya omaliza anali asanathe dzanja limodzi, choncho mlongo wamng'ono anatsala ndi phiko m'malo mwa mkono. Mwana anakhala chete, kenako anafunsa: "Amayi, ndiye iyeyo anamukwiyira Elisa?" Ndinati ayi, mwanangu, sindikuganiza choncho. Anati akanakhala iye akanamaliza kuluka dzanjalo mawa lake.

Thengo lija sindinalisadze. Ndinangolambula kanjira kuti mwana azidutsa bwino. Agogo aja anandibwereka magolovesi n'kundionetsa kuthyola nsonga zanthete zokha, masamba anayi kapena asanu ndi limodzi a pamwamba, chomeracho chisanachite maluwa. Anati ukangowiritsa, ukali wonse umatha. Golovesi imodzi inali yobowoka pa chala, n'chifukwa chake ndikuyabwidwa mpaka pano. Ndinaphika ndi tomato, anyezi ndi nsinjiro, monga timachitira ndi bonongwe, tinadyera nsima. Mwana poyamba anakana, kenako anatapa pang'ono ndi nsonga ya mbamu, nayang'ana miyendo yake yomwe matuza anali ataphwa, n'kutapanso kachiwiri.

Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndiwaimbira foni azakhali.