Sabata imene ndinaona bala la ceftriaxone

Lolemba ndinalawirira ku labu, kuno ku England chisanu chikulowa m'mafupa, mtima uli pa timadontho 96 timene ndinasiya m'mbale masabata awiri apitawo. Ntchito yanga ndi yomeretsa timakristalo ta puloteni, kuti ndijambule maonekedwe a puloteniyo ndi ma X-ray. Chaka chino ndikulimbana ndi CTX-M-15, enzayimu imene mabakiteriya monga E. coli ndi Klebsiella amaswera mankhwala. Kwathu ku Blantyre ndiyo imapezeka kwambiri m'tizilombo tosamva ceftriaxone, jekeseni uja madokotala amathamangira munthu akabwera tizilombo titalowa m'magazi.

Pa maikulosikopu, madontho atatu okha ndiwo anabala. Ndinathokoza Mulungu.

Enzayimu yeniyeni simungaijambule itagwira mankhwala, chifukwa imathyola n'kutaya kuphethira kwa diso kusanathe. N'chifukwa chake tinaipundula dala: puloteni ndi mkufu wa tizidutswa totchedwa ma amino acid, ndipo pamalo a 166 a mkufuwo tinachotsapo kachidutswa kotchedwa glutamate n'kuikapo kena kotchedwa alanine. Glutamate ameneyu ndiye amagwiritsa ntchito madzi kumasula mankhwala othyoka aja. Popanda iyeyu mankhwala amangokakamira pa serine 70, kachidutswa ka pamalo a 70, ngati chambo chokodwa pa mbedza.

Lachiwiri ndinaviika timakristalo m'madzi a ceftriaxone, n'kumativuula kamodzikamodzi ndi kachingwe ka nayiloni kopindidwa ngati khwekhwe. Apa mpweya umaugwira, dzanja lisanjenjemere. Tiwiri tinasweka ndikuona. Tisanu totsala ndinatimiza mu nayitirojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo Lachitatu timakristaloto tinanyamuka ulendo wa ku Diamond Light Source ku Oxfordshire, chimakina chozungulira mamita oposa 560 chotulutsa ma X-ray amphamvu zedi.

Nthawi yathu inali Lachinayi usiku. Ndinayendetsa zonse pa kompyuta ndili mu ofesi, tiyi akuzirala pambali. Kakristalo koyamba kanali katachita ayezi, chithunzi chinangodzaza mikombero. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu kanamwaza timadontho takuda tooneka bwino mpaka m'mphepete mwenimweni.

Lachisanu masana ndinatsegula mapu a enzayimuyo, ochokera ku timadontho takuda tija, mu pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Coot n'kulunjika pa serine 70. Mankhwala anali pomwepo. Kamphete ka maatomu anayi, kamene ndi mphamvu yonse ya ceftriaxone, kanali katang'ambika, mbali imodzi italumikizika ku enzayimu, ndipo chidutswa cha kumchira chinali chitagwa kale.

Ndinakhala duu kwa nthawi. Ndisanabwere kuno ndinagwirapo ntchito mu labu ya chipatala kwathu, ndipo ndinalembapo chilembo R, chotanthauza kuti tizilombo sitikumva mankhwala, pambali pa dzina la ceftriaxone kosawerengeka, ndikudziwa kuti kuwodi kuli mayi wakhala pambali pa bedi la mwana wake, akudikira kuti jekeseni agwire ntchito. Zaka zonsezo ndinkangolemba chilembocho. Chimene chimachitika m'kati ndinachiona ndi maso anga tsiku limeneli, ndipo chinandipweteka mtima kuti n'chaching'ono chonchi.

Ndisanaweruke ndinakonza mbale ina. Timakristalo ta m'menemo tidzaviikidwa mu avibactam, mankhwala olepheretsa enzayimuyi, amene amakamata serine yemweyo n'kuchedwa kumusiya.